Maginito a Malume Pansi pa Pilo

Malume anga ankawotcherera mageti ku Joni, kudera la Fourways, ndipo tinkachita lendi chipinda chimodzi ku Bertrams. Mutu utayamba kuwavuta anapita kuchipatala. Namwino anawauza kuti fumbi la chitsulo losaoneka ndi maso limatha kulowera m'mphuno n'kukafika ku ubongo. Anati thupi limalichotsa lokha koma pang'onopang'ono. Munthu akagona, timadzi ta m'mutu timatsuka ubongo n'kutsika nalo fumbilo kudzera m'khosi.

Malume sankadziwa kudikira. Anachotsa maginito m'sipika yakale n'kuwaika pansi pa pilo. M'mawa uliwonse maginitowo ankapezeka atamera ubweya wakuda, woima njo ngati wa mphaka woopsedwa. Iwo ankaupalira m'kabotolo.

"Waona mphwanga? Zachoka m'mutu mwangamu izi."

Ndinawauza kuti linali fumbi la m'tsitsi chabe. Anameta mpala. Ubweya uja sunasiye kumera.

Pobwerera kumudzi, komwe sanakakhalitse ndi moyo, anandisiyira bedi, pilo ndi maginito aja. Ndinachapa zonse, ndinakolopa, maginitowo ndinawapukuta mpaka mbee. Sindidziwa chifukwa chimene ndinawabwezera pansi pa pilo. Patatha sabata ndinasuzumirapo, ndipo anali atameranso, pang'ono chabe.

Ine sindinawotchererepo chitsulo. Ntchito yanga inali yosamalira maluwa. Ndinkangoima m'mbali mwa msewu kudikira takisi, n'kumapuma mpweya wa ku Joni monga aliyense.

Kabotolo ka malume kanali kasanadzaze. Ndinakatsegula n'kupaliramo zanga.