Damu la Adadi Pansi pa Mtengo wa Maapozi

Lachiwiri lapitali, ndikuchokera kusukulu, ndinapeza mbalame ziwiri zikusamba pansi pa mtengo wathu wa maapozi kuseri kwa nyumba. Osati kumwa madzi ayi, kusamba kwenikweni, mpaka kumiza mitu ndi kukupiza mapiko. Ndinaseka ndekha. Koma kuseka kuja sikunapite patali, chifukwa pamene mbalamezo zimasambira ndi pomwe pali mizu ya mtengowo.

Mwina mukuti, nanga mtengo umodzi n'chiyani? Dikirani ndikuuzeni mbiri yake.

Ife tinakhala zaka zingapo mu hositelo ya anthu opempha malo okhala m'dziko muno la Ireland, ine, amami ndi adadi, chipinda chimodzi. Pobzala ngakhale tsabola panalibe. Mapepala athu atatuluka, tinapeza nyumba kuno ku Tallaght, mu mzinda wa Dublin, yokhala ndi kabwalo ka kapinga kuseri. Ine ndimayembekeza kuti chinthu choyamba kugula chikhala TV. Adadi anatulukira pa Luas, sitima ya m'tauni muno, atanyamula kamtengo kopanda tsamba n'limodzi lomwe, mizu yake itakulungidwa m'thumba. Munali mu Novembala. Anakabzala tsiku lomwelo, n'kunena kuti munthu amene wabzala mtengo pamalo sakhalanso wodutsa.

Ndiye mtengowu ukafa, si mtengo wokha umene wafa. Ndikhulupirira mwandimva.

Tsono adadi kwawo ndi ku Balaka. Amene mumakudziwako mukudziwa kuti mvula ya kumeneko imabwera ngati mlendo wothamangira basi, sachedwa kutsanzika. Adadi anakula akubzala mango ndi kumawathirira ndi madzi otunga kutali panjinga. Kumeneko mtengo waung'ono umaukumbira beseni mozungulira tsinde, n'kukweza mlambala m'mbali, kuti dontho lililonse likagwa lisathawe. Amene sachita zimenezo ndi mlesi, ndipo mtengo wake suona Okutobala.

Adadi si mlesi. Beseni anakumba, lalikulu bwino. Njerwa anapempha kwa aneba athu amene amagwetsa kampanda kawo. Anazizika mopendeka, iliyonse itatsamira inzake ngati mano a sowo, monga zimakhalira kutsogolo kwa ofesi ya ahedi kusukulu za kwathu. Mipata yonse anamata ndi dothi kuti madzi asadutse. Pomaliza anapaka njerwazo zoyera mbee.

Kunena zoona, zinakongola. Amami anajambula n'kutumiza kumudzi, ndipo azakhali anayankha kuti pakhomo payamba kuoneka kuti pali munthu.

Kenako mvula ya Dublin inayamba ntchito yake.

Paja amati walira mvula walira matope. Koma ife sitinailire n'komwe, imangobwera yokha, m'mawa, masana, sabata ndi sabata. Dothi la kuseri kwathu ndi lamakande, silimwa madzi msanga. Beseni lija linadzaza, ndipo silinaphwenso. Nyengo yozizira yonse sindinalabadire, poti mitengo yonse inali mbulanda. Koma mwezi uno mitengo ya anzathu yachita maluwa, ina oyera ina ofiirira, pamene wathu wangoti njo ngati ndodo yoiwalika m'chithaphwi. Ndinagwada n'kununkhiza dothi. Limamveka ngati nsanza yokolopera imene yagonera m'ndowa.

Kusukulu tinaphunzira kuti mizu imapuma. Ikakhala m'madzi nthawi yaitali imabanika n'kuyamba kuola. Zimenezi ndinalemba pamayeso ndipo ndinakhoza. Koma kukhoza mayeso ndi nkhani ina, kukauza bambo ako kuti chimene anamanga ndi manja awo chikupha mtengo wawo ndi nkhani inanso.

Anzanga amene mwakulira kuno mukudziwa za moyo wathu wapawiriwu. Kusukulu aphunzitsi amakudandaula ukamangovomera chilichonse, amafuna utsutse, ufunse chifukwa chake. Ukafika pakhomo n'kuvula nsapato, lamulo limatembenuka. Ndani wa inu anayamba wauzapo bambo ake kuti "mwalakwitsa", n'kudya chakudya chamadzulo mwamtendere?

Ndinayesa kuzungulira. Lachitatu, adadi akuvala jekete kuti azipita ku shifiti yawo yosamalira okalamba, ndinanena ngati ndikungocheza kuti chaka chino mvula yachuluka, ngakhale beseni lija silikuphwa. Anasuzumira pawindo, n'kumwetulira ndi mtima wonse, n'kunena kuti amenewo ndiye madalitso, ku Balaka anthu akanavina.

Ndinapita kwa amami. Anandimvetsera akupinda zovala, osadabwa ngakhale pang'ono. Anati iwo anaona kalekale, koma mwamuna akamanga chinthu n'kuchipaka penti, sugwetsa ndi pakamwa pa m'nyumba momwemo. Anati ndisiye m'manja mwawo, n'kutenga foni.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, tinabwera ndi mlendo, Anti Mwape. Iwowa ndi namwino, kwawo ndi ku Lusaka koma amakhala ku Swords. Ndi amami amaitanana kuti sisi, choncho adadi ndi alamu awo. Ndipo mukudziwa kuti mlamu ali ndi chilolezo chonena zimene wina aliyense atazinena angathamangitsidwe pakhomo.

Atamwa tiyi, Anti anati akufuna kuona mtengo wotchuka uja. Adadi anadzuka msangamsanga kukawaonetsa okha, chifuwa patsogolo. Ine ndi amami tinatsatira pambuyo ngati sitikudziwa kanthu. Anti anaima, anayang'ana madzi aja, anazungulira kamodzi atakweza siketi.

"Ba mulamu, damu mwamanga bwino," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Manje nsomba muzaika liti?"

Adadi anaseka n'kuwauza kuti anthu a mu tauni ngati a ku Lusaka sadziwa za mitengo, amaganiza kuti mango amamera mu shopu. Anafotokoza za beseni, za chilala, za njinga ndi zigubu. Anti anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anasiya nthabwala. Anati nawonso atangopeza nyumba ku Swords anabzala mtengo, anaukumbira beseni monga ankachitira amayi awo kumudzi ku Chipata, anazunguliza ndi matayala odula pakati.

"Ninaupaya na manja yanga, ba mulamu. Nenze kuganiza ati niusamala."

Adadi anayang'ana mtengo wawo, n'kuyang'ana kuseri kwa mpanda kumene mtengo wa aneba unali utayera ndi maluwa. Kenako anafunsa ngati tiyi watsala.

Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa.

Madzulo ake ndinakhala ndikuganiza, ndipo n'zimene ndikufuna tikambirane sabata ino. Adadi sanachite mwaumbuli. Anachita chinthu chanzeru, choyesedwa, chimene chinapulumutsa mitengo yambirimbiri. Anangochichitira pansi pa thambo lina.

Ndipo si iwo okha. Amami mpaka lero mvula ikayamba amayang'anayang'ana ndowa yoti atchere, ngakhale mpope uli m'khitchini. Ankolo ena a ku Blanchardstown anasesa kapinga wa kuseri kwawo m'mawa uliwonse ndi tsache lolimba, mpaka padatsala dothi lokhalokha, chifukwa kwathu pabwalo pomera udzu ndi pa munthu wauve, ndiponso pamabisala njoka. Njoka ku Ireland! Mwini nyumba atabwera anagwira m'mutu.

Timaseka, ndipo n'zoseketsadi. Koma kodi timadzifunsa kuti mwambo uliwonse unabadwira chiyani? Beseni silinabadwe chifukwa choti makolo athu ankakonda maenje. Linabadwa chifukwa cha ludzu. Kumene kulibe ludzu, beseni latsala ndi ntchito yanji?

Ndinenepo pang'ono za ife ana, mwaulemu, poti ndikudziwa kuti tsamba lino amawerenganso makolo. Nafenso munatimangira mipanda, ndipo tikudziwa kuti munamanga ndi chikondi. Ina mwa iyo tikuifunadi. Yendani mumsewu wathu muone mitengo imene ilibe chotchinga chilichonse: makina odulira udzu anaisenda makungwa m'munsi, ili ndi zipsera zosapola. Ine sindikufuna kukhala mtengo wotero. Koma mipanda ina inamangidwira zoopsa za kwina. Mtsikana akapempha kulowa timu ya mpira yapasukulu, kapena kupita paulendo wa kalasi wogona komweko ndi aphunzitsi, yankho limabwera asanamalize n'kufunsa komwe. Kodi pamenepo mukumutchinjiriza ku chiyani kwenikweni? Mwina chilipo. Tiuzeni, tidzamva. Koma mwinanso ndi madzi chabe amene akungodikha pamizu.

Basi, ndalekera pomwepo ndisanaitanidwe kubwalo la azimayi a kutchalitchi.

Lolemba nditabwerako kusukulu ndinapeza adadi ali kuseri, atavala majombo, fosholo ili m'manja. Anali atazula kale njerwa za mbali yotsetsereka ndi kukumba kangalande, madzi akuyenda kulowera kumpanda. Sananene kuti analakwitsa. Anati akungokonza pang'ono pulani, ndipo ndisangoima ngati foromani, ndikasinthe yunifolomu.

Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, ndipo zimene tinachita ndikuuzani, mwina zithandiza wina amene ali ndi damu lake.

Beseni tinalikwirira ndi dothi losakaniza ndi manyowa mpaka kufanana ndi bwalo lonse, koma mosamala kuti tisakwirire tsinde kupitirira pamene linalekezera kale. Bwalo lozungulira mtengo tinalikuza, chifukwa mizu imayenda cham'mbali, siikhala pansi pa tsinde pokha. Njerwa zija sitinataye. Tinazigoneka chafufumimba, kumtunda kwake kofanana ndi kapinga, ndi kusiya timipata pakati, kuti madzi azidutsa komanso makina odulira udzu aziyenda pamwamba pake osafika pamtengo. Mkati mwake tinathira tizidutswa ta makungwa timene amagulitsa m'matumba, kuti udzu usamere, koma tinasiya mpata ngati chikhatho kuzungulira tsinde kuti khungwa lizikhala louma.

Sikuti njerwa ndiye njira yokhayo. Anti akuti mtengo wawo wachiwiri anauzunguliza ndi miyala yobulungira, yongosanja popanda simenti. Mnzanga wina wa m'kalasi, kwawo anagoneka zipika za mtengo umene unagwa ndi mphepo. Ena amabzala timaluwa tachikasu tija timatuluka nyengo yozizira ikamatha, mozungulira chapatali, malire n'kukhala maluwawo. Ngakhale mabotolo ozondotsa, monga tinkachitira kupulayimale, atha kugwira ntchito, bola asatseke njira ya madzi. Funso loyamba si lakuti chikongola n'chiti. Yambani mwaona kaye kuti mvula ikagwa pakhomo panu, madzi amafuna kulowera kuti.

Pa nkhani ya penti yoyera pokha adadi anakana kugonja. Ndinawauza kuti kuno palibe amene amapaka njerwa za m'munda. Anati ndiye bwino, aliyense wodutsa adziwe kuti pano pamakhala Mmalawi. Ndinaganizira, n'kuona kuti penti siingamize mtengo wa munthu. Yoyerayo yatsala, ndipo ndayamba kuikonda.

Titamaliza, panatsala funso limene tonse timaliopa. Kodi tachedwa? Adadi anagwira kanthambi kamodzi, n'kukanda khungwa pang'ono ndi chikhadabo. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anandikodola kuti ndione. Mkati munali mobiriwira, monyowa. Pamwamba pake, titayang'ana bwino, panali timaso tiwiritatu totupa, tokonzeka kuphukira.

Adadi anapumira m'mwamba, n'kukhala pansi pa njerwa zawo zonyowazo osasamala thalauza. Ndipo osandiyang'ana anati:

"Tadala, tsiku lina ukaona chinthu chikufa pakhomo pano, usakachite kuitanitsa munthu ku Zambia. Ubwere undiuze wekha."

Ndiye kuti ankadziwa chiyambire! Ndinavomera mwaulemu. Ndipo poti chitseko chinali chitatseguka, ndinati ndiyese pomwepo ngati chimagwiradi ntchito. Ndinawauza kuti kalasi yathu ili ndi ulendo wogona komweko mwezi wamawa, ndipo ndikufuna kupita nawo.

Adadi anakanda m'mutu. Kenako anati ndikawaitane amami, tikambirane tonse atatu panja pomwepo. Sanati inde. Koma aka kanali koyamba kuti asayambe ndi ayi.

Inu makolo anzawo a adadi, a ku Tallaght, ku Swords, ku Blanchardstown ndi konse kumene tsamba lino limafika: mwana wanu ataona lero kuti china chake chikumira pakhomo panu, angabwere kudzakuuzani yekha, kapena mpaka akabwereke mlamu?