Mfuti Yopita Kumanzere

Amuna anga anakhala zaka zambiri akuphunzitsa asilikali kuwombera kwathu ku Malawi. Titafika ku Bolton, manja omwewo anayamba kusambitsa nkhalamba za azungu. Ntchitoyo sankaidandaula, koma kutchalitchi, tikamamwa tiyi mapemphero atatha, nkhani ya mfuti sinkachoka pakamwa pawo. Tsiku lina mkulu wina wa mpingo wathu, wa ku Zambia, anawaseka kuti, "A sajeni, ise timvela chabe pakamwa. Tizaona liti?" Amuna anga, ndi mtima wawo wapachala uja, anangoti, "Loweruka lino, kwathu. Mubwere nonse."

Mfuti zenizeni zam'manja kuno n'zoletsedwa, ndiye anagula ya mpweya, yoponya timachaka tating'ono ngati mapira. Nyumba yathu ili ndi chipinda chapansi, chonunkha chinyontho, momwe timasungamo masutikesi. M'menemo anakhomamo thabwa, n'kumatapo pepala lokhala ndi kadontho kakuda pakati.

Lolemba anawombera kasanu. Machaka onse anapita kumanzere, ndipo limodzi linaboola sutikesi yanga yomwe ndinabwera nayo kuchokera ku Zomba.

"Mfuti iyi sanaiwongole," anatero, osapepesa n'komwe.

Pamwamba pa mfutiyo, chakumbuyo, pali kachitsulo kokhala ndi kampata. Umayang'anira pamenepo mpaka kansonga kakutsogolo kakhale pakatikati. M'mbali mwake muli kasikuluwu kosunthira kachitsuloko. Anandifotokozera zonsezi ngati ndine msilikali wolowa kumene, mfuti ili pa nsalu yanga yapatebulo, akupotokola kasikuluwuko ndi nsonga ya mpeni wanga wa anyezi. Lachiwiri machaka anapita kumanja. Lachitatu anabwereranso kumanzere, ndipo mpeni unali utathyoka nsonga.

Lachinayi iwo anapita kuntchito, ine ndinali pa ofu. Ndinatsikira pansipo ndili ndi mkwiyo wa sutikesi ndi mpeni. Ndinabweza kachitsulo kaja pakati, pomwe kanali pogula, n'kuloza monga anandiphunzitsira. Ine amene ngakhale legeni sindinaigwirepo, ndinamenya pafupi ndi kadontho katatu konse.

Sindinasangalale, ndinachita mantha. Mfutiyo inalibe mlandu. Ndinakumbukira momwe amuna anga ankagwirira foni patali ngati ikununkha, komanso kuti kutchalitchi ankandifunsa nambala ya nyimbo, ati magetsi am'menemo ndi ofooka. Maso a sajeni anali atatopa, ndipo Loweruka amuna anzawo akanawaseka mpaka nkhaniyo ikanafika kwa anzathu a m'tauni ya Salford.

Koma mwamuna ngati uyu sumuuza maso ndi maso kuti wakalamba. Umazungulira.

"Abambo, bwanji tiwauze kuti akuitanani ku shifiti?"

"Msilikali sathawa, mayi."

Lachisanu ndinasiya mandala anga owerengera pafupi ndi bokosi la mfuti, ofiira, okhala ndi timaluwa m'mbalimu. Anandibweretsera kukhitchini. "Mwaiwala zanu izi." Kenako anakhala pansi n'kuyambanso kupotokola. Loweruka m'mawa, iwo ali m'bafa, ndinabwezanso kachitsuloko pakati, ndikupempha Mulungu andikhululukire.

Kunabwera amuna asanu, onse achikulire, n'kupanikizana m'kachipinda kaja atavala majekete. Ine ndinaima pamasitepe ndi mbale ya mandasi. Amuna anga anaimirira chilili, chifuwa patsogolo, diso limodzi atatsinzina. Phaa! Khoma. Phaa! Khomanso.

"A sajeni," anatero wa ku Zambia uja, "chipupa chakulakwilani chani?"

Anaseka onse. Ndinaona khosi la amuna anga likutuluka thukuta m'chipinda chozizira ngati fuliji, ndipo zinandipweteka kwambiri. Kuwaseka ine ndimawaseka, koma osati wina.

Ndinatsika, n'kugwada monga mkazi wophunzitsidwa bwino, mandala anga ali m'manja awiri.

"Pepani abambo, mwaiwala zoteteza m'maso. Lamulo la kuno sililola kuwombera m'nyumba munthu asanavale magalasi. Aneba akanena, apolisi abwera."

Linali bodza lamkunkhuniza. Koma munthu wokhala pa viza ukamutchulira lamulo la kuno, safunsa kuti lalembedwa pati. Kuseka kunatheratu.

"Zoona amayi, helefu endi sefite, chitetezo patsogolo," anatero mmodzi, akupisa m'thumba la jekete. Anatulutsa mandala. Wachiwiri anatulutsa ake. Wa ku Zambia uja, amene kutchalitchi amawerenga Baibulo ngati analiloweza, anali nawo awiri. Nkhalamba zonsezo zinkabisa maso m'matumba!

Amuna anga anavala anga a maluwawo mokwiya, n'kukweza mfuti. Anakhala kanthawi osawombera, akungoyang'ana kachitsulo kaja ngati akukaona koyamba. Kenako phaa, phaa, phaa. Machaka atatu onse pakadontho, bowo lake limodzi lokulirapo. M'manja munaombedwa, wina mpaka anachita sawatcha. Mandasi anatha, ndipo palibe amene anatchulapo za maluwa.

Alendo atapita ndinapeza amuna anga atakhala patebulo, mandala akadali kumaso, mfuti ili m'bokosi.

"Mayi, lamulo lija lilipodi?"

"M'nyumba muno lilipo."

Anayang'ana manja awo, kuseri ndi kuno, ngati a munthu wina. Kenako anandikodola kuti ndiyandikire, n'kundiyang'anitsitsa nthawi yaitali mpaka ndinachita manyazi ngati mtsikana. Anandigwira pamutu pang'onopang'ono.

"Imvi zonsezi zabwera liti?"

"Zinabwera kalekale, abambo. Tinali limodzi."