Chingwe Chachikasu

Anzanga, tsiku loyamba kumuona anali atagwada pansi pa tebulo langa, tsitsi lili mbuu ndi fumbi, akulondola zingwe.

Nthawi imeneyo ndinali ndi situdiyo yojambula zithunzi. Iye anali katswiri wa makompyuta, ndipo anabwera kudzaika kabokosi ka bakapu, kosunga makope a zithunzi zonse. Anakapatsa netiweki yakeyake, pasiwedi yakeyake ndi chingwe chachikasu.

"Bambo, chingwe ichi chisadzalowe mu rauta yogawira makasitomala intaneti. Vairasi ikalowa m'nyumba, kabokosi aka kasapezeke pabalaza."

Ndinayamba kumuimbira foni kuti kabokosi kakulira modabwitsa. Ankabwera, n'kutchera khutu, n'kundiuza kuti ukulirawo ndi mtima wa mwini situdiyo. Posakhalitsa dzina la "bambo" linatha, ndinasanduka aKamera.

Patatha chaka anabweretsa foni yakale ya malemu amayi ake, ili pafupi kufa. Munali zithunzi ndi mawu awo akuseka. Anakopera zonse m'kabokosi, foniyo n'kuthimiratu. Anati Loweruka adzabwera ndi disiki ina, poti kope limodzi si lodalirika.

Lachitatu kunabwera akwati ena ali pa changu. Kuti ndifulumire kutenga zithunzi zawo m'kabokosi, ndinazula chingwe chija n'kuchilowetsa mu rauta, pasiwedi n'kuisunga pa laputopu. Ndinati mphindi zisanu basi...

Ndinaiwala.

Lachisanu m'mawa vairasi inali itatseka zonse, pa laputopu ndi m'kabokosi momwe. Ndinabwezera chingwe pamalo pake, kenako n'kumuimbira.

"AKamera, munakhudza chingwe?"

"Ayi."

Kwa ola lathunthu anafufuza pomwe iye analakwitsa, akupepesa amayi ake chapansipansi. Ine ndili chilili, ndikungomuonerera. Kenako anatsegula zolemba za rauta. Dzina la kabokosi linalipo, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi imene ndinakalumikiza.

Sanakalipe. Anapinda zipangizo zake bwinobwino.

"Mukanandiuza, tikanalira awiri. Koma mwandionerera ndikudziimba mlandu kuti amayi ndawataya ndine."

Makasitomala ndinawapepesa, ena anandikhululukira. Iye sanabwerenso.

Lero imvi zili tho, ndipo bakapu yanga ili ndi makope atatu, lina kutali ndi situdiyo. Chingwe chachikasu chikadali m'dirowa. Nthawi zina ndimachitulutsa, n'kuyankha funso lija mmene ndikanayankhira.

"Inde, ndinakhudza."

Mawu awiri okha, anzanga. Koma palibe wowamva.