Pumbwa wa pa Ulimbo

"Ukamva mnzako akulira, yamba waona pomwe waponda." Anandichenjeza choncho bambo anga, ndipo mpaka lero sindikhulupirira munthu msanga.

Dzulo mdzukulu wanga, amene akuphunzira Chijeremani ku Greenwich, anandiimbira foni. "Agogo, mukudziwa? Ajeremani munthu watsoka amamutcha Pechvogel, mbalame ya paphula. Kale ankapaka phula panthambi kuti agwire mbalame."

"Iwe, si ulimbo umenewo?" ndinatero. Anaseka, n'kunena kuti basi yafika, n'kudula.

Fungo la ulimbo linandibwerera m'mphuno. Bambo ankautafuna mpaka ufewe, n'kuukulunga pa timitengo pafupi ndi chitsime. Tsiku lina pumbwa anatera, miyendo n'kukanirira. Analira mpaka anzake atatu anabwera. Ine ndinaomba m'manja.

"Ababa, abwera kudzamutenga!"

"Khala chete, uone."

Onse atatu anamatirira. Bambo atandipatsa kantchafu kootcha ndinadya ndikulira, nthenga zidakandimata m'zala. Mumtima ndinkati wolakwa ndi woyamba uja, poitana anzake.

Ndiye ndinakula wosaitana munthu. Mwezi watha ndinagwa m'bafa muno mu Barking, tauni ya kutsidya kwa nyanja komwe ndimakhala. Ndinagona pansi tsiku lathunthu nditatseka pakamwa, ndikumva anthu akudutsa pakhonde. Ndili pansipo m'pamene ndinazindikira kuti pumbwa uja sanalakwe, ankangofuna moyo.

Inu akumpingo, mukamadutsa kuno, muzigogodako. Ndidzafunsa kawiri kuti ndinu ndani, mwina katatu, ndipo mawu anga sadzakhala okoma. Chonde, musachoke.