Galu wa Mbuzi Zomangirira

Mundikhululukire polimba mtima kulemba izi. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ndipo nkhani ya galu si yowonongera pepala. Koma yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Chaka chimenecho makoswe anatilowerera. Tinakolola matumba ochepa a chimanga, amayi n'kuwasanja pa njerwa kuchipinda kwawo. M'mawa uliwonse ankasesa zotafunatafuna pansi pa matumbawo. Misampha inkangogwira tiana.

Achimwene anga, omwe ankagwira ntchito ya m'maluwa ku Limbe, anaimba foni kuti abwana awo akusamuka ndipo akugawa ana agalu awiri, ife titengepo mmodzi. Wina anali wamng'ono, waubweya wokhakhala, wa mtundu wogwira makoswe. Winayo anali wamiyendo italiitali, wakuda, woyera pakhosi, wa mtundu wokusa ziweto.

"Ukatenge kakang'onoko, mwanangu," anatero amayi tikusenda nandolo. "Chimanga chija chitifikitse ku mondokwa."

"Chabwino, amayi."

Tsiku lomwelo kunabwera amalume, achimwene awo a amayi, omwe mawu awo pambumba pathu sabwezedwa. Mbuzi za pakhomo pathu n'zawo.

"Iwe, kagalu kokwana m'thumba la jekete n'ka madona a m'tauni. Ukatenge galu weniweni, aziyang'anira mbuzi. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Anatuma ine chifukwa ndimamvako Chingelezi. Ndinapalasa njinga kuchoka kwathu kwa Mauwa kupita ku Limbe, dengu lili kumbuyo, ndavomera anthu awiri. Njira yonse ndinkayembekeza kuti mwina ndikapeza galu mmodzi atatengedwa kale.

Onse analipo. Abwanawo anandifunsa mwaulemu chomwe tikufunira galu. Ndinayang'ana simenti yawo yonyezimira, ndinayang'ananso achimwene ataima manja kumbuyo, ndipo mawu akuti m'nyumba mwathu muli makoswe anakanika kutuluka. Ndinangoti tili ndi mbuzi. Anasangalala, nanyamula wakudayo okha kumuika m'dengu.

Chimene sindinawauze n'chakuti kwathu mbuzi sizipita kubusa. Malo ndi ochepa, munda wa uyu umathera pomwe wa uyo ukuyambira. Mvula ikangogwa, mbuzi iliyonse timaimangirira pachikhomo ndi chingwe.

Galuyo ankaidziwa ntchito yake. Ankazungulira mbuzi, kugwada, kuthamanga, kufuna kuzisonkhanitsa pamodzi. Mbuzi zinkathawa mpaka chingwe kuzikoka khosi, n'kukolana zokhazokha. Tikamuthamangitsa, ankakakusa nkhuku. Tikamuletsa, ankakakusa ana a eni ake popita kusukulu, makolo n'kumabwera kudzadandaula. Khoswe ankadutsa pamphuno pake, iye n'kungotukula khutu.

Kwathu dzina la galu limanena zakukhosi kwa mwini wake. Nditafunsa amayi kuti timutche ndani, anati, "Musiye choncho." Sanandikalipire ngakhale kamodzi. Ankangosesa. Bola akanandikalipira.

Ndinabwereka foni kuimbira achimwene kuwafunsa ngati kakang'ono kaja kakadalipo. Anati kanatengedwa sabata lomwe lija. Ndinayesa kumutsekera galuyo kuchipinda cha matumba. Analira, nakanda chitseko, kenako anagona tulo pafupi ndi una wa makoswe.

Mu Disembala thadzi la mbuzi la amalume lokhala ndi bere linadzikola chingwe pothawa, tinalimasula lilime lili kunja.

"Galu wako uyu atha mbuzi zanga," anatero amalume.

Wanga. Ndinangoti, "Pepani, amalume."

Amalume anapeza munthu woweta ng'ombe cha ku Phalombe woti amutenge. M'mawa womwe munthuyo anabwera, amayi anakutumula thumba lomaliza palichero. Theka linali zitosi za makoswe ndi maso a chimanga obooka, pomwe chimanga cha m'munda chinali chisanamasule n'komwe. Munthu uja akumukoka, galuyo anatembenuka kangapo kuyang'ana mbuzi zake, chingwe chili m'khosi. Ine ndinanyamula lichero n'kupatsa amayi kuti apete. Linali tsiku la Chaka Chatsopano, pa 1 Januwale.