Tsiku Limene Ndinatunga Madzi Wopanda Khadi

Ndikamva mjigo ukulira kwichikwichi, ndimakumbukira mjigo woyamba umene anakumba ku Mitundu, pafupi ndi esiteti imene bambo ankalima fodya ngati tenanti. Mng'ono wanga ankatsegula m'mimba ndi madzi a kudambo, ndiye amayi anandituma kukatunga kumjigoko.

Ndinaima patali. Sindinaiwale mmene anawabwezera amayi pamsika chifukwa chosowa khadi la chipani.

"Iwe, bwanji sukutunga?" anafunsa a Nabanda, oyang'anira mjigowo.

"Ndilibe khadi, amayi."

Anaseka n'kundilanda ndowa. "Zamakhadi zinatha, mwanawe. Gwira apa, upope!"

Madziwo anali ozizira, onunkha chitsulo. Mng'ono wanga anachira. Akuluakulu ufulu anauonera pa voti, ine ndinausenza pamutu.