Mbale Imene Ndinayanika pa Thandala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene achimwene anga a Filipo anabwera ndi mbale ya galamafoni kwathu ku Nkope. Iwo ankathirira maluwa pa hotela ina ku Nkopola, ndiye mzungu wina pochoka anawasiyira mbaleyo, poti ankawaona ataima pawindo nthawi zonse iye akamaimvera. Pachikuto pake panali anyamata anayi a tsitsi lofika m'mapewa. Amayi atangoona anagwira pakamwa. Masiku amenewo mwamuna wosunga tsitsi lotero ankametedwa pamsewu anthu akuona, ndipo amayi sanafune kuti achinyamata a chipani adzapeze chithunzi chotero m'nyumba mwathu. Chikutocho chinapsa tsiku lomwelo. Mbale yokha ndiyo inapulumuka, achimwene ataikulunga m'nsalu.

Galamafoni m'mudzi monse inali imodzi, ya mabatire, ya amalume a Saizi, imene anabwera nayo kuchokera ku migodi ku Joni. Choncho Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi tinkakhamukira pansi pa mtengo wa mango kwa amalumewo, iwo akusoka ukonde. Abale anga, gitala ya m'mbale imeneyo! Inkayamba ndi kubangula ngati injini ya boti, kenako n'kukwera, n'kukwera, mpaka kulira ngati nkhwazi. Ine thupi lonse linkachita tsembwe.

Amalume sankagwedezeka. Iwo anali a nyimbo za ku Kongo.

"Iwe Filipo," ankatero, osakweza n'komwe maso pa ukonde, "munthu wakoyu akuimba, kapena akumenyana ndi gitala?"

"Amalume, mverani zala. Anthu anu a ku Kongo aja amangozungulira pamodzimodzi ngati bwato lopanda nkhafi."

"A ku Kongo gitala amainyengerera. Uyu akuikwapula ngati bulu wa pangolo. Ndi phokoso basi."

Apa ndi pamene ine ndinkalowerera. Mawu anga ndi akulu chibadwire, mpaka lero ndikaitana msodzi ali kutali pamadzi amatembenuka. Ndinkaima kumbali ya achimwene n'kumakuwa kuti woimba gitala ameneyu alibe mnzake pa dziko lonse, a ku Kongo akagone. Mbale ikulira, ine ndikukuwa. Ikatha, ndikukuwabe. Amalume ankangondiyang'ana n'kubwezera singano poyambira.

Achimwene anali ndi chifukwa chawo chomvera mbaleyo mobwerezabwereza. Pa hotela paja panali gulu loimba, ndipo mkulu wa gululo ankafuna mnyamata wodziwa nyimbo zimene alendo achizungu ankakonda. Anawauza kuti Loweruka lina adzabwere adzayesedwe pa gitala ya magetsi. Achimwene ankaphunzirira pa gitala yosema okha, ya mawaya a buleki ya njinga, kutola nyimbo ija pang'onopang'ono ndi khutu. Kwa iwo imeneyi inali njira yotayira chitini chothirira maluwa.

Lachitatu la sabata yokayesedwayo, m'mwezi wa Okutobala, anzanga kugombe anandiseka kuti ndimanama, mbaleyo si yathu. Ine kusekedwa sindipirira. Ndinathamangira kunyumba, n'kuisolola pansi pa mphasa ya achimwene, n'kukaionetsa. Polandirana m'manja inagwera mumchenga. Ndinaitsuka bwinobwino m'nyanja. Tsono kwathu chinthu chikanyowa chimapita kuti? Pa thandala, poyanika nsomba. Ndinaigoneka pakati pa usipa kuti iume, n'kupita kukathandiza kukoka ukonde wa khoka.

Dzuwa la ku Mangochi mukulidziwa. Pobwera ndinapeza mbale itapindika ngati tsamba louma.

Mawa lake achimwene anafika pa njinga, atapempha masiku awiri oti akonzekere. Mbaleyo ndinawapatsa ndekha. Sanandimenye, ndipo mpaka lero ndimati bola akanandimenya. Anangoitenga n'kupita nayo kwa amalume, ine ndikutsatira m'mbuyo. Ataiika pa galamafoni, singano inkadumpha ngati bwato pa mwera, mawu ake ngati munthu woledzera. Achimwene anakhala pansi.

"Ndinali nditagwira theka lokha," anatero motsitsa. "Pokwera paja ndinali ndisanafikepo."

Amalume anaika ukonde pambali n'kunditembenukira.

"Iwe Petulo, unkakuwa kuposa tonse pano. Woimba gitala wako uja umamudziwa bwino. Taimbira mkulu wakoyu pokwera paja."

Ndinatsegula pakamwa. Ine, mwini mawu. Munalibe kanthu. Ndinkadziwa kuti gitala imabangula, ndinkadziwa kuti imakwera, koma njira imene imadutsa sindinkaidziwa ngakhale pang'ono. Masabata onse aja ndinkamva mawu anga okha.

Kenako amalume anatsinzina, n'kuyamba kung'ung'udza. Anayambira pobangula paja, chala chikugogoda pabondo, n'kukwera nayo bwinobwino, pokhota ponse akukhota, pamene gitala inkaima kaye ngati ikupuma iwonso akuima. Pofika pa kulira kwa nkhwazi paja mawu anawathera, anamalizira ndi likhweru. Achimwene anali atayasama.

"Amalume, si inu munkati ndi phokoso?"

"Ndi phokoso ndithu, sindinasinthe. Koma ndikanatsutsa bwanji chinthu chimene sindinachimvetsere? Tenga gitala yakoyo, nthawi ikutha."

Masiku awiri athunthu anakhala pansi pa mango paja, amalume akung'ung'udza, achimwene akusaka ndi zala pa mawaya a buleki. Ine anandiuza kuti ndikhale pomwepo koma ndisatsegule pakamwa. Chimenecho ndicho chinali chilango changa, ndipo m'masiku awiri amenewo ndi mmene nyimboyo inandilowa koyamba.

Loweruka achimwene anakayesedwa. Pobwera anatiuza kuti mkulu wa gulu uja anaseka n'kunena kuti nyimboyo yabwera ndi kafungo ka ku Kongo, koma ayambe ntchito. Amalume atamva anangoti, "Ndiye kuti yakonzeka."

Patapita zaka zingapo gululo linasamukira ku Blantyre, achimwene n'kupita nalo. Kumudzi ankabwera mwa apo ndi apo. Amalume tinawaika kalekale, achimwene nawonso anatsatira. Dzina la anyamata a tsitsi aja linapita nawo limodzi, chifukwa chikuto chinapsa, ndipo timalemba ta pakati pa mbale ine sindinkatha kuwerenga, sukulu ndinalekera Sitandade 2.

Mdzukulu wanga ali ndi foni imene akuti ili ndi nyimbo zonse za pa dziko. Anandiuza kuti, "Agogo, ingotchulani dzina, ndikupezerani pompano." Dzina ndilibe. Wandiimbira magitala obangula ambirimbiri, ena abwino ndithu, koma si imeneyo. Iye ndi anzake akamakangana za woimba uyu ndi uyu, ine amene ndimagonjetsa bwalo lonse ndi mawu ndimakhala chete, n'kuwauza kuti abwezere poyambira ndimve kaye.

Ndikakhala ndekha posoka ukonde ndimaing'ung'udza. Ndimadziwa kuti imene ndimaimbayo si ya mzungu uja kwenikweni. Ndi ya amalume, munthu amene ankaida, ndipo pokwera paja inenso ndimamalizira ndi likhweru.